Ndajambula zaka zambiri, bwanji akundibwezera kalasi ya oyamba kumene?

Funso: Ndili ndi zaka 34 ndipo ndakhala ndikujambula pamanja kuyambira ndili kusukulu. Ndimajambula nkhope za anthu ndi pensulo ndikuyang'ana chithunzi cha pa foni, ndipo ndimalemba timabokosi pa chithunzicho ndi papepala kuti zifanane. Anthu amayamikira kuti ndimafananitsa. Tsopano ndapeza situdiyo yophunzitsa zojambula yomwe ili ndi makalasi atatu: ya oyamba kumene, yapakati ndi ya odziwa kale. Mphunzitsi ataona ntchito yanga anati ndiyambire kalasi yoyamba, ndipo zinandiwawa. Kodi sikutaya nthawi kumeneku? Makalasi amenewa amasiyana pati, nanga munthu amadziwa bwanji kuti wafika posamukira kalasi ina?

Yankho: Achimwene, zikomo pofunsa mosabisa mawu. Kuwawidwa mtima kwanu ndikukumvetsa, chifukwa pa zaka zomwe ndakhala ndikuphunzitsa zojambula, amene amavutika kwambiri tsiku loyamba sakhala amene sanagwirepo pensulo. Amakhala anthu ngati inu, amene akhala akuyamikiridwa zaka ndi zaka, kenako n'kuuzidwa kuti aime pamzere umodzi ndi munthu wongoyamba dzulo. Komabe ine ndikuona kuti mphunzitsiyo sanakulakwireni. Lowani kalasi yoyambayo, ndipo chifukwa chake mukhoza kuchiona nokha lero lomwe.

Tengani kapu muike patebulo pafupi ndi zenera. Foni ikhale m'thumba, timabokosi musalembe. Khalani pampando, mujambule kapuyo kwa mphindi 20 monga mmene mukuionera. Mukamaliza yang'anani malo awiri, pakamwa pa kapu ndi kunsi kwake. Anthu ambiri, ngakhale amene amafananitsa nkhope kuchokera pa chithunzi, amajambula pakamwa pa kapu moyasama kwambiri, pomwe kunsi amangolemba mzere wowongoka. Chikhalirecho mukayang'anitsitsa, pakamwapo pakuoneka mophwatalala, ndipo kunsiko n'kokhota, kokhota kuposa pakamwa pomwe, chifukwa kwatalikirana kwambiri ndi mulingo wa maso anu. Dzanja lajambula zimene mutu ukudziwa, zakuti kapu ndi yozungulira ndipo yakhala pa tebulo lathyathyathya, n'kusiya zimene diso likuona. Matenda ake ndi amenewa, ndipo ntchito yaikulu ya kalasi yoyamba ndi kuwachiza.

Kujambula chinthu chomwe chili pamaso panu kuli ndi ntchito zitatu. Muyenera kusandutsa chinthu chokhala ndi kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali kuti chigone papepala. Muyenera kuyeza, kuti kutalika kwa ichi kugwirizane ndi kukula kwa icho. Pomaliza mumaika mdima ndi kuwala. Mukamajambula kuchokera pa foni, kamera yakugwirirani kale ntchito yoyamba: yaphwatalalitsa nkhope, yaimitsa kuwala, yasankha pomwe malire a chilichonse ali. Timabokosi tija takugwirirani yachiwiri. Inu mwatsala ndi yachitatu, ndipo mwaichita zaka zambiri mpaka mwaidziwa. Sindikuipeputsa ntchito imeneyi ayi. Kudekha kokhala maola ambiri pa tsitsi ndi khungu la munthu mmodzi, dzanja losanjenjemera, kudziwa pokanikiza pensulo ndi poiyendetsa mopepuka, zimenezi ophunzira ena a m'kalasi yapakati alibe. Kungoti mphunzitsi wanu anaona kuti ntchito ziwiri zoyambirira zija simunazigwirepo ndi maso anu.

Kugawa ophunzira motere ndi kwakalekale. M'sukulu za zojambula za ku Ulaya, monga ya mfumu ku Paris yomwe inakhazikitsidwa mu 1648, wophunzira ankayamba ndi kukopera zithunzi zojambulidwa kale papepala. Akakhoza apo ankapita pa ziboliboli zoyera za pulasitala, ndipo pambuyo pake m'pamene ankaloledwa kujambula munthu wamoyo. Ku Royal Academy ya ku London, yomwe inayamba mu 1768, nakonso munthu sankalowa m'chipinda cha wojambulidwa wamoyo asanakhutiritse aphunzitsi pa ziboliboli. Ankasankha pulasitala chifukwa ndi yoyera, ilibe mitundu yosokoneza diso, komanso sigwedezeka ngakhale mutaijambula sabata zitatu. Mukayang'ana makwerero amenewa muona kuti inu mwakhalitsa pa sitepe yoyamba, ya kukopera chithunzi, ndipo kalasi imene akukuuzani kuti mulowe ndi sitepe yachiwiri. Mukukwera, achimwene, ngakhale dzina la kalasiyo likumveka ngati mukutsika.

Za zaka 34 zisakudetseni nkhawa. Vincent van Gogh anaganiza zokhala wojambula mu 1880 ali ndi zaka 27, ndipo anayamba ndi kukopera mobwerezabwereza zithunzi zophunzirira zomwe anakonza Charles Bargue wa ku France. Chimene chimandikhudza ine ndi chakuti mu 1890, miyezi yochepa asanamwalire, atajambula kale ntchito zomwe dziko lonse likuzidziwa lero, analembera mng'ono wake Theo kuti amutumizirenso zithunzi zophunzirira zomwe zija kuti azikoperenso.

Tsopano tilowe m'kalasi yoyambayo, chifukwa m'menemo ndi momwe muli nkhani yanu. Chinthu choyamba kukudabwitsani chidzakhala kuima. M'masitudiyo ambiri wophunzira amaima kutsogolo kwa bolodi loimikidwa chilili, pepala lake lalikulu, la A2 kapena kuposa. M'dzanja amakupatsani makala ofewa, otenthedwa kuchokera ku timitengo ta msondodzi kapena ta mpesa, ndipo amakuuzani kuti musawagwire ngati cholembera. Mzere uzichokera paphewa, mkono wonse uziyenda. Munthu wozolowera kuwerama pa kapepala kakang'ono, mphuno pafupi ndi pensulo, amamva ngati amulanda chida chake. Cholinga chake n'chakuti muzitha kuona chithunzi chonse nthawi imodzi, ndipo muzibwerera m'mbuyo masitepe atatu pafupipafupi kuti muone ngati chikuyenda bwino. Makala nawo amathandiza chifukwa sakakamira papepala. Mukalakwitsa mumangopukuta ndi kansalu n'kuyambiranso, choncho mantha a kulakwa amatha msanga.

Kenako mudzaphunzira kuyeza ndi diso. Mumatambasula mkono mpaka chigongono chiwongoke, mumatsinzina diso limodzi, n'kulunjikitsa nsonga ya pensulo pamwamba pa botolo, chala chachikulu n'kuchitsetsereza pa pensulopo mpaka chifike pomwe botolo lathera. Utali umenewo ndiye muyeso wanu. Mumatembenuza pensulo chopingasa kuti muone kuti m'lifupi mwa botolo mukulowa kangati mu utali uja. Chigongono chikapinda pang'ono muyeso wonse wasintha, n'chifukwa chake mphunzitsi amabwereza mawu omwewo tsiku lonse: wongolani mkono. Pensulo yomweyo mumaigwiritsanso ntchito poona kupendekeka kwa mizere, ndi poona chomwe chili pansi penipeni pa chinzake. Timabokosi tanu tija tinkachita zimenezi m'malo mwanu, ndipo tsiku lomwe mudzayeze mpando wonse ndi mkono wokha, miyendo yake inayi n'kukhala pansi bwinobwino, mudzamva kumasuka komwe simunakumvepo.

Pa mpando womwewo pali phunziro lina lomwe ndimalikonda kuposa onse. Wophunzira amauzidwa kuti asajambule mpando, ajambule mipata yokha: kampata ka pakati pa miyendo, ka pakati pa timitengo ta kotsamira, ka pansi pokhalira. Mutu uli ndi chithunzi chakechake cha mpando, koma ulibe chithunzi cha mpata, ndiye umangokhala chete n'kusiya diso ligwire ntchito. Mipata ija ikatha, mpando umatulukira wokha pakati pake, ndipo kawirikawiri umakhala wolondola kuposa umene munthuyo akanaujambula mwachindunji. Ndinali ndi wophunzira wina, mayi wachikulire ndithu, amene atamaliza phunziroli anaima kaye duu, kenako anapita kukagwira mpando uja ndi dzanja ngati akuuona koyamba. Pali phunziro linanso lofanana nalo, lojambula dzanja lanu osayang'ana papepala ngakhale kamodzi, diso likuyenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa chala, pensulo ikutsatira. Analitchukitsa ndi Kimon Nicolaides, mphunzitsi wa ku Art Students League ku New York, yemwe maphunziro ake anasindikizidwa mu 1941. Chomwe chimatuluka papepala chimakhala chokhotakhota, ndipo palibe vuto, chifukwa chomwe chikuphunzitsidwa ndi diso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'kalasi imeneyi mwambiwu umagwira ntchito monga mmene ukumvekeramo.

Pa mdima ndi kuwala mudzakhala patsogolo pa anzanu, koma ngakhale apa pali chatsopano. Amaika mpira woyera patebulo, amazimitsa magetsi onse n'kusiya nyale imodzi. Pampirawo mudzaona mbali yowala, kenako kuwala kukuchepa pang'onopang'ono, kenako lamba wa mdima pomwe kuwala kwathera. Kuseri kwa lambayo mdima umapepukako chifukwa tebulo likubweza kuwala, ndipo pansi pali mthunzi umene mpira waponya, wakuda kwambiri pomwe mpira wakhudza tebulo. Cholakwa cha pafupifupi aliyense ndi kuwalitsa kwambiri kuwala kobwerera kuja. Kuyenera kukhalabe koderako kuposa chilichonse cha mbali yowala, apo ayi mpira umaphwa n'kuoneka ngati mbale. Njira yoonera zimenezi ndi kutsinzina pang'ono mpaka zinthu zizioneka mwachimbuuzi, tinthu ting'onoting'ono tisowe, patsale zigawo zikuluzikulu za mdima ndi kuwala. Ojambula kuchokera pa foni amakonda kuyamba ndi nsidze ndi kunyezimira kwa diso. Kuno mudzauzidwa kuti muyambe ndi chachikulu, chaching'ono chidikire.

Mudzakhalanso masabata angapo pa mabokosi, kuphunzira chifukwa chake mizere yopita kutali imaoneka ngati ikukakumana pa mulingo wa maso, monga imachitira njanji ya sitima. Malamulo ake anawaonetsa Filippo Brunelleschi ku Florence, m'dziko la Italy, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, ndipo Leon Battista Alberti anawalemba mu 1435. Musawaope, si masamu ovuta. Munthu wodziwa kujambula bokosi kuchokera mbali iliyonse wadziwa maziko a nyumba, galimoto, ngakhale mutu wa munthu.

Zida musagule zambiri. Mapensulo a HB, 2B ndi 6B ndi okwanira. Mtima wa pensulo ndi graphite, mwala wakuda wofewa, wosakaniza ndi dongo, njira yomwe anaipeza Nicolas-Jacques Conté ku France mu 1795: dongo likachuluka pensulo imalimba n'kumalemba motuwa, ndiyo ya H, likachepa imafewa n'kumalemba moda, ndiyo ya B. Onjezerani makala, labala yofewa imene imaumbika ndi zala, ndi mapepala wamba ambiri, oti simungamve chisoni kuwawononga.

Kalasi yapakati imatenga zonsezi n'kuziunjika pamodzi. M'malo mwa botolo limodzi pamakhala zinthu zisanu, nsalu yokwinyika, galasi, chitsulo chonyezimira, ndipo chithunzi chimodzi chimatha masabata awiri kapena atatu. Musanayambe mumajambula tizithunzi ting'onoting'ono kwambiri, tongokwana pachikhatho, posankha kaikidwe ka zinthu papepala. Mumaphunzira kuti malire a chinthu sakhala akuthwa paliponse: pena amakhala akuthwa, pena ofewa, pena amasoweratu mumdima, ndipo wojambula amene wadziwa kusiya mzere kuti usowe wakula. Zida zimachulukanso, inki, choko choyera pa pepala lotuwa, ndi zina zotero.

Munthu wamoyo amalowera m'kalasi imeneyi, ndipo apa m'pamene nkhope zanu zidzasinthire. Mudzayamba ndi chigaza, kuti mudziwe chomwe chili pansi pa khungu. Mudzapeza kuti maso ali cha pakatikati pa mutu, kuchokera pachibwano kufika pamwamba, ngakhale dzanja limafuna kuwakweza chifukwa maganizo athu salabadira chipumi ndi tsitsi. Mudzamva kuti thupi la munthu wamkulu limakwana pafupifupi mitu isanu ndi iwiri ndi theka, koma muyeso umenewu ndi poyambira chabe, chifukwa amene wakhala patsogolo panuyo ali ndi thupi lakelake lofunika kuyeza. Tsiku limayamba ndi zithunzi zachangu, wojambulidwa akusintha kaimidwe pa masekondi 30 aliwonse, kenako mphindi imodzi, kenako ziwiri. Pa nthawi yochepa chotero simungajambule zala kapena mphuno. Mumangogwira kupendekeka kwa msana, mwendo womwe wasenza thupi, kumene mapewa ndi chiuno zalozera. Kwa inu amene mwazolowera chithunzi chosaphethira, phunziro limeneli lidzakhala lowawa komanso lopindulitsa kuposa onse.

Ndikuchenjezeni za msampha wa kalasi yapakati, chifukwa ambiri amasiyira pamenepa. Diso limakula msanga kuposa dzanja. Mumayamba kuona zolakwa zomwe kale simunkaziona, ndipo mumaganiza kuti mukubwerera m'mbuyo. Zithunzi zanu za m'kalasi zidzaoneka zonyasa poyerekeza ndi nkhope zosalala zomwe munkajambula kunyumba, ndipo amene ankakuyamikirani akhoza kufunsa kuti kodi kusukuluko akukuwonongani. Pa nthawi yomweyi mumazoloweranso kupachika ntchito yanu pakhoma limodzi ndi za anzanu, aliyense n'kunenapo zomwe akuona. Zimapweteka poyamba, komabe cholakwa chomwe mwakhala nacho maola atatu osachiona mnzanu amachiona pa mphindi imodzi, ndipo inunso poyang'ana za ena mumaphunzira kutchula vuto ndi dzina lake.

Za kalasi ya odziwa kale ndinena zochepa, popeza ili patali pang'ono. Mphunzitsi amalankhula mochepa. Wojambulidwa amakhala kaimidwe kamodzi kwa masabata angapo, akupuma pakatha mphindi pafupifupi 20, ndipo pansi amamata tepi posonyeza pomwe mapazi anali kuti abwerere pomwepo. Mafupa ndi minofu zimaphunziridwa mozama. M'masitudiyo ambiri wojambulidwa amakhala wosavala, ndipo pamakhala malamulo okhwima: samukhudza, samujambula ndi foni, salankhula za thupi lake. Ngati zimenezi zikutsutsana ndi chikumbumtima chanu, funsiranitu, makalasi a wojambulidwa wovala alipo. Funso la m'kalasi imeneyi limasinthanso. Kulondola kwa miyeso kumatengedwa ngati chinthu chodziwika kale, ndipo mphunzitsi amafunsa chimene mukufuna kuti woona amve, chifukwa chake mwasankha chinthu chimenechi, chomwe mwasiya dala. Munthu wolowa m'menemo asanadziwe kuyeza amangoima n'kumasisita mdima pa thupi lomwe mwendo wake watalika kuposa unzake, ndipo palibe amene ali ndi nthawi yomubwezera ku chiyambi. Ndawaonapo otere, ndipo ambiri amachoka ali okhumudwa kuposa mmene inu mwakhumudwiramu.

Pa funso lanu lakuti munthu amadziwa bwanji kuti wafika posamuka, chizindikiro chomwe ine ndimayang'ana ndi chimodzi: wophunzira wayamba kupeza yekha zolakwa zake ndisanafike pa bolodi lake, ndipo amadziwa chochita nazo. Kukongola kwa chithunzi chimodzi sikundiuza zambiri. Ndimafuna kuona munthu akubwerera m'mbuyo, akuyeza, n'kupukuta mutu womwe wautaya ola lathunthu chifukwa wazindikira kuti wakula kwambiri. Mukhoza kudziyesa nokha poonetsa chithunzi chanu pagalasi lodziyang'anira. Chikatembenuzika, diso limachiona ngati chachilendo, ndipo chilichonse chopendekeka chimaonekera poyera. Tsiku lomwe galasi lidzasiye kukudzidzimutsani, kambiranani ndi mphunzitsi wanu.

Dziwaninso kuti mayina a makalasi sakhala ndi tanthauzo limodzi paliponse. Yapakati ya situdiyo ina ikhoza kufanana ndi yoyamba ya kwina. Choncho pemphani kukhala nawo tsiku limodzi musanalembetse, muone mmene mphunzitsi amachitira. Wabwino amazungulira chipinda chonse, amaima pomwe mwaima inu kuti aone chinthucho ndi maso anu, amaonetsa ndi dzanja lake, ndipo kawirikawiri amajambula chokonzacho pambali pa pepala m'malo mokumalizirani ntchito. Mukaona kuti ophunzira onse akungokopera zithunzi za pa foni, kapena ntchito zawo zonse zikufanana ndi za mphunzitsi, fufuzani kwina. Ndipo palibe cholakwika kumuuza mphunzitsi wanu mwaulemu kuti mwavomera kuyambira pansi, koma mukupempha kuti adzaonenso ntchito yanu pakatha masabata asanu ndi limodzi. Anthu okhala ndi dzanja lokhwima ngati lanu nthawi zambiri amadutsa kalasi yoyamba mofulumira, bola alole kusiya timabokosi.

Kalasi ya kamodzi pa sabata payokha siikwanira. Khalani ndi kabuku kojambulamo, ndipo tsiku lililonse mupatule mphindi 20 pa chinthu chenicheni: nsapato, makiyi, phazi lanu, munthu amene wakhala chete. Nkhope za pa foni musazisiye ngati anthu akuzifuna, koma kwa miyezi itatu yoyamba yesani kuyamba chithunzi chilichonse popanda timabokosi, n'kudzatigwiritsa ntchito pamapeto pongotsimikizira miyeso yanu.

Usiku woti mawa mukayamba kalasi, khalani patsogolo pa galasi, nyale imodzi kumbali, mudzijambule nokha kwa ola limodzi. Lembani deti kuseri kwa pepalalo, mulisunge osaonetsa munthu. Kalasi yoyamba ikadzatha mudzakhalenso pagalasi lomwelo, nyale pamalo omwewo, mudzajambulenso, kenako mapepala awiriwo mudzapite nawo kwa mphunzitsi wanu pokakambirana za kalasi yapakati.